Bondo la Kamoto: mmene tinamusamalira popanda opaleshoni

Tsiku limene Kamoto anaduka mtsempha wa m'bondo sipanachitike chachilendo chilichonse. Sanagundidwe ndi galimoto, sanagendedwe mwala, sanalumane ndi galu mnzake. Wogulitsa makala anagogoda pageti, iye n'kudzambatuka pakhonde monga mwa masiku onse, ndipo pokhota pakona ya nyumba analira kamodzi kokha kuti kwee! Pobwerera ankadumpha ndi miyendo itatu, wakumbuyo wakumanzere uli lende.

Timakhala ku Area 49, ndipo Kamoto ndi galu wamkazi wachikuda wosakanizika pang'ono, wofiirira, amene tinamutenga ali kamwana. Nthawi imeneyo, m'mwezi wa Meyi chaka chatha, anali ndi zaka 6. Ndikulemba izi chifukwa pamene ine ndinkafunafuna wondiuza zoti ndichite, ambiri ankangoti "musiyeni, galu amadzichiritsa yekha," ena n'kumati "popanda opaleshoni ndiye walumala basi." Onsewo sananene zoona zonse.

Madzulo omwewo alamu anga anandiuza kuti ndimupatse Brufen mmodzi m'kambamu ka nsima. Piritsilo ndinalitenga ndithu m'kabati. Chinandiletsa n'chakuti ndinaganiza zoyamba ndaimbira foni dokotala wa ziweto amene amamubaya katemera wa chiwewe. Anandidula mawu: "Mayi, chonde bwezerani m'kabati momwemo." Brufen, diclofenac ndi Indocid, mankhwala amene ife timagula mosavuta tikamva kuphwanya m'thupi, kwa galu amaboola zilonda m'mimba ndi kuwononga impso, ndipo galu wamng'ono safuna mapiritsi ambiri kuti afike pangozi. Panado nayenso si womupatsa mwachisawawa, amawononga chiwindi, ndipo mphaka ndiye amamupha kumene. Ngati simutolapo china pa nkhani yangayi, tolani chimenechi.

Tinapita naye patatha masiku atatu, titaona kuti mwendo sukutsika. Adokotala asanamugwire n'komwe anati, "Tamuuzani akhale pansi." Kamoto anakhala, koma mwendo wovulalawo anautayira kumbali m'malo moupinda pansi pa thupi. Kenaka anandigwiritsa dzanja mkati mwa bondolo, kufananiza ndi linzake, ndipo ndinamva ndekha kuti kuli kachotupa kolimba. Anati kachotupako sikatuluka m'masiku atatu, ndi umboni woti bondolo lakhala likugwedera kwa miyezi. Apa mpamene ndinakumbukira kuti kuyambira nthawi ya mvula Kamoto ankadzuka mmawa motsimphina pang'ono, n'kuwongokera dzuwa likakwera. Tinkamufunafuna minga ndi nkhupakupa pakati pa zala, osapeza kanthu, n'kuiwalako.

Anamubaya jekeseni yomufooketsa kuti asalimbitse mwendo, kenaka anagwira fupa la ntchafu ndi dzanja limodzi, la msongolo ndi dzanja linalo, n'kukankha. Fupa la msongolo linasuntha kupita kutsogolo ngati dilowa ya tebulo. Bondo labwino silitero. Anajambulanso X-ray, ngakhale kuti mtsemphawo suoneka pa chithunzi. Cholinga chake n'kuona ngati fupa silinathyoke, ngati mulibe chotupa choopsa, ndiponso kuti nyamakazi yafika pati. Izi ndikuzinena chifukwa galu wotsimphina mwendo wakumbuyo si onse amene vuto lili m'bondo. Wina ndi chiuno, wina ndi kafupa ka pamwamba pa bondo kamene kamaguluka, wina ndi matenda a nkhupakupa amene kuno kwathu ndi ochuluka. Musayambe zimene ine ndinachita musanadziwe chimene mukuchiza.

Mmene anandifotokozera ndi motere. Mkati mwa bondo muli timitsempha tiwiri tolimba topingasana, timene madokotala amatitchula kuti cruciate. Kakutsogoloko ndi kamene kamagwira fupa la msongolo kuti lisathawire kutsogolo. Kwa anthu, kamtsempha kameneka kamaduka mwadzidzidzi, monga timamvera kwa osewera mpira. Kwa agalu ambiri kamatha pang'onopang'ono ngati chingwe cha khonje chimene chikuthothoka ulusi umodziumodzi, mpaka tsiku lina kulumpha wamba n'kukamaliza. Galu amaima bondo lili chopinda, ndipo pamwamba pa fupa lake la msongolo m'potsetsereka, choncho nthawi iliyonse akaponda pansi kamtsemphako kamakokedwa. Kulemera kwa thupi kukachuluka, kukokako nakonso kumachuluka.

Ndipo kakaduka sikalumikizananso. Mawu amenewa anandipweteka, koma ndi amene anandithandiza kumvetsa china chilichonse chimene chinatsatira. Posamalira galu popanda opaleshoni simukudikira kuti mtsempha umere. Mukudikira kuti thupi liumbe minofu yolimba ngati chipsera kuzungulira bondo, yoti igwire mafupa m'malo mwa mtsempha uja. Minofu imeneyi imatenga miyezi kuti ikhwime, ndipo ikadali yanthete kuthamanga kamodzi kokha kumaing'amba. Zili ngati simenti imene mwangothira kumene: pamwamba imaoneka youma msanga, koma mukaipondaponda isanagwire, yawonongeka.

Adokotala sanandibisire kuti opaleshoni ndiyo imathandiza kwambiri agalu ochuluka, makamaka akuluakulu. Anatchula njira yomanga bondo ndi ulusi wolimba kunja kwake, ndi ina yotchedwa TPLO, imene amadula fupa la msongolo n'kulitembenuza kuti kutsetsereka kuja kuthe, n'kulimanga ndi chitsulo. Mtengo ngakhale wa njira yosavutayo unali wosatheka kwa ife mwezi umenewo, fizi ya ana awiri ili pakhomo. Ndinachita manyazi kunena, koma ndinanena. Iwo sanandiweruze. Anamukweza Kamoto pasikelo, inawerenga makilogalamu 18, ndipo anati, "Mayi, galu uyu mafupa ake ndi a makilogalamu 14. Anayi enawa ndi chikondi chanu." Anandiuza za kafukufuku wa dokotala wina wa ku California, Vasseur, wa m'chaka cha 1984, amene anatsatira agalu osachitidwa opaleshoni. Mwa agalu osapitirira makilogalamu 15, pafupifupi 86 pa 100 alionse anachira kapena kupezako bwino. Mwa olemera kuposa apo, anali 19 okha pa 100 alionse. Kamoto anali mbali yoipa ya mzerewo, koma anali ndi mwayi wowolokera mbali yabwino ngati tikanamuchepetsa thupi.

Tinabwerera kunyumba ndi mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa otchedwa meloxicam, omwa kamodzi patsiku atadya. Muyezo wake sindiulemba dala, chifukwa umatengera kulemera kwa galu ndi mmene impso zake zilili. Anatichenjeza kuti akayamba kusanza, kukana chakudya, kapena kuchita chimbudzi chakuda ngati phula, tisiye pomwepo ndi kuimba foni, ndiponso kuti tisamuphatikizire mankhwala ena opha ululu kapena prednisolone.

Masiku oyambirira ndinkamuika chozizira pabondo kwa mphindi 10 mpaka 15, katatu patsiku. Ndinalibe china koma mafirizesi a ana, ndinkawakulunga m'kansalu kuti asamuotche khungu. Zinathandiza kutupa.

Chovuta chenicheni chinali kumutsekera. Kunja kuno amalemba zoti galu azikhala m'kachipinda, koma ife a ku Lilongwe tikudziwa chifukwa chimene timawetera agalu. Masana amakhala m'khola, usiku timamumasula kuti azizungulira mpanda. Galu ndi mlonda. Kunena kuti kwa milungu 8 Kamoto sadzamasulidwa usiku kunali kunena kuti kwa milungu 8 tigona ndi khutu limodzi lili panja. Amuna anga poyamba sanagwirizane nazo. Tinakambirana usiku wonse, mapeto ake tinawonjezera loko pageti ndi babu kuseri kwa nyumba, ndipo Kamoto tinamusamutsira m'kachipinda kosungiramo katundu pafupi ndi khitchini, kotalika ngati mamita awiri mbali zonse. Kukhola kwake kunali kosayenera chifukwa ankaimirira ndi miyendo yakumbuyo n'kumakanda chitseko akamva anthu. Kumumanga pa tcheni nakonso n'koipa, chifukwa galu womangidwa amathamanga mpaka tcheni kumukoka mwadzidzidzi, n'kumazungulirazungulira pa mwendo womwewo.

Pansi pa nyumba yathu ndi simenti yopaka polishi wofiira, ndipo ine ndine munthu wonyadira khonde lowala. Ndinasiya kupaka. Galu wa bondo logwedera akaterereka kamodzi, ntchito ya milungu iwiri yapita. Tinayala ziguduli ndi kapeti yakale kuyambira pakhomo la kachipindako mpaka panja, ndipo pa masitepe awiri a kukhonde ndinkamudutsitsa chitenje pansi pa mimba n'kugwira nsonga zake m'mwamba, kuti ndimunyamulireko mbuyo potsika ndi pokwera. Eni matailosi, vuto lanu ndi lomweli, kapena kuposa.

Kutuluka kunali kwa pa chingwe basi, kanayi patsiku, mphindi 5, kukadzithandiza n'kubwerera. Ngakhale usiku, ngakhale mkati mwa mpanda wathu womwe. Ana ndinawauza kuti mpira wa m'bwalo wayamba waima, chifukwa akaumva ankalira ndi kudumphira chitseko. Kuti asatope ndi kukhala, mwana wanga wamng'ono ankachita homuweki yake atakhala pa mpando pakhomo la kachipindako, ndipo chakudya china tinkachibisa m'kansalu kokulungakulunga kuti azitanganidwa ndi kufunafuna ndi mphuno.

Tsopano ndinene cholakwa changa, chifukwa ndikudziwa kuti ndi pomwe ambiri mudzagwere. Pofika mlungu wachinayi Kamoto ankaponda bwinobwino. Ankagwedeza mchira, maso ali gwa, kutsimphina kuli kwa apo ndi apo. Mlungu womwewo kunyumba ina m'dera lathu kunalowa akuba. Ndinachita mantha, ndipo ndinadziuza kuti galu wachira, usiku umodzi sungalakwe. Ndinamumasula ndi manja angawa. Cha m'ma 2 koloko tinamva akuthamangitsa mphaka m'mbali mwa mpanda, ndipo kutacha anali pa miyendo itatu ngati tsiku loyamba lija, bondo lili lotentha. Ndinakhala pansi pakhonde n'kulira. Adokotala atamuona anati chimene chinaoneka ngati kuchira chinali mankhwala akugwira ntchito yake, ululu unachepa koma bondo linali likadali logwedera. Anamvetsera ngati mukulira kanthu popinda mwendo, chifukwa pakati pa mafupa awiriwo pali kankhata kofewa kotchedwa meniscus, ndipo bondo likamagwedera kankhatako kamatha kupanidwa n'kung'ambika. Kakang'ambika, galu amamva ululu wosatha ndipo nthawi zina mumamveka kuti "thwa, thwa" akamayenda. Pamenepo kupuma kokha sikuthandizanso, pamafunika mpeni. Mwamwayi sanamve kalikonse. Tinayambiranso kuwerenga kuchokera pa tsiku loyamba.

Za chakudya ndiye zinandiphunzitsa zambiri za pakhomo panga. Ndinkaganiza kuti Kamoto amadya kawiri patsiku. Nditafufuza ndinapeza kuti amadya kwa aliyense: phala la mgaiwa mmawa kwa ine, mkute kwa mtsikana wotithandiza ntchito, makoko a buledi ndi zitumbuwa kwa ana, zikopa za nkhuku ndi msuzi wamafuta kwa bambo ake a ana usiku. Kuwonjezera apo tinamutseketsa kuti asabereke ali ndi zaka ziwiri, ndipo galu wotero amanenepa msanga ngati chakudya sichichepetsedwa. Tinagwirizana kuti wopatsa chakudya akhale mmodzi, ine, ndipo ndinapatula kapu imodzi yoyezera. Phala la mgaiwa ndinalichepetsa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, n'kuwonjezera usipa kapena bonya woviika m'madzi kuti mchere uchoke, nthawi zina dzira lowiritsa, ndi dzungu kapena zitheba zowiritsa kuti mimba idzaze. Nsomba zimamupatsa zomanga thupi kuti minofu ya ntchafu isathe, ndipo mafuta a nsomba amathandizako pa kutupa kwa m'mfundo. Ndiwo zathu zotsala ndinaletseratu, osati chifukwa cha mafuta okha, komanso anyezi amene timathira paliponse amawononga magazi a galu.

Kumuyeza kunali kosavuta: mwana wanga wamkulu ankakwera pasikelo ya m'bafa atamunyamula, kenaka yekha, n'kuchotsera. Adokotala anati asatsike mofulumira, gawo limodzi kapena awiri pa 100 a kulemera kwake pa mlungu n'zokwanira, amene kwa Kamoto anali magalamu ngati 200 kapena 300. Njira ina ndi ya manja. Mukasisita m'nthiti muzizimva mosavuta popanda kukanikiza, ndipo mukamuyang'ana kuchokera pamwamba chiuno chizioneka cholowa. Anansi ena anayamba kundifunsa ngati galu akudwala, ena mpaka kunena kuti tikumumana. Kwathu kuno galu wonenepa ndi ulemu wa mwini wake, ndipo mawu otere amalowa mumtima. Ndinapirira chifukwa ndinkaona ndi maso kuti kilogalamu iliyonse ikachoka, kudzuka kwake kunkapepuka.

Juni ndi Julayi, kuzizira kwa ku Lilongwe kuja, anali miyezi yowawa. Mmawa bondo linkauma gwa. Ndinamuikira matiresi akale a mwana kuti asagone pa simenti, ndipo tisanatuluke ndinkamufunditsa kansalu koviika m'madzi ofunda kwa mphindi zingapo, kenaka n'kumapinda ndi kuwongola mwendowo pang'onopang'ono iye atagona cham'mbali, kakhumi, osaukakamiza. Akangotembenuza mutu kundiyang'ana kapena kukoka mwendo, ndinkasiya.

Itatha milungu 8 yachiwiri ija tinayamba kuwonjezera kuyenda, mphindi 5 pa mlungu uliwonse, pa chingwe chachifupi ndiponso mwapang'onopang'ono zedi. Izi n'zofunika kuzimvetsa: galu akafulumira amanyamula mwendo wopwetekawo n'kudumpha ndi itatu, koma mukamuyendetsa ngati mukuperekeza gogo, amakakamizika kuuponda, ndipo m'pamene minofu imabwerera. Ntchafu yake yakumanzere inali itaphwa moti ndinkaiyeza ndi tepi ya telala poyerekeza ndi inzake. Lamulo lathu linali lakuti akatsimphina kwambiri madzulo kapena mawa lake, tibwerere pa mphindi za mlungu wapitawo. Tinabwerera kawiri. Pambuyo pake tinawonjezera kumukhazika ndi kumuimiritsa kasanu motsatizana, mbali yovulalayo itagunda khoma kuti asatayire mwendo kunja, ndi kukwera kamtunda kakang'ono ka mumsewu wathu wafumbi. Tinkayenda mmamawa kusanadzadze njinga za kabaza ndi agalu oyendayenda, chifukwa kulimbana ndi chingwe pofuna kuthamangira mnzake n'koopsa ngati kumasulidwa kumene.

Wina anandiuza za zomangira bondo zimene amagulitsa pa intaneti. Ndinafunsa, ndipo adokotala anati chosayezedwa pa mwendo wa galu wanuyo chimangotsetsereka ndi kumutupitsa zilonda. Sitinagule. Bandeji yomanga nokha ndiye musayerekeze, imatha kutseka magazi.

Pofika Okutobala, kutentha kutayamba, sikelo inawerenga makilogalamu 14 ndi theka. Mankhwala anali atasiya kumwa tsiku ndi tsiku. Ankayenda mphindi 30 osatsimphina, ndipo tinayamba kumumasula m'bwalo masana ife tikuona, kenaka usiku. Mu Novembala, patatha miyezi 6 chivulalireni, anabwerera pa ntchito yake yaulonda, koma pakona pamene anavulalira paja tinatchingapo ndi matabwa kuti asamakhote ali pa liwiro, ndipo wobwera pageti amayamba wadikira kuti timugwire.

Sindikufuna kukunamizani kuti ali ngati kale. Bondolo ndi lokhuthala kuposa linzake ndipo silipindika mpaka kumapeto. Nyamakazi ilimo ndipo idzakhalamo moyo wake wonse, ngakhale agalu ochitidwa opaleshoni sayithawa kwathunthu. Kukazizira kapena akathamanga kwambiri amadzuka mouma, ndipo masiku otero amamwa mankhwala ake monga adokotala anatilangizira. Koma amadya, amasewera, amalonda, ndipo sakhala ndi ululu wa tsiku ndi tsiku.

Mwezi wathawu bambo wina wa kutchalitchi kwathu anabwera kudzandifunsa, atamva za Kamoto. Galu wawo ndi wamkulu, wosakanizika ndi boerboel, wa makilogalamu oposa 40, wazaka zitatu zokha. Ankayembekezera kuti ndiwauza kuti achite zimene ine ndinachita. Ndinawauza kuti, "Bambo, wanuyo si Kamoto. Pitani naye akamuone, ndipo akanena za opaleshoni, yambani kusunga ndalama." Galu wamkulu thupi, wa zaka zochepa, wamphamvu zake, kawirikawiri bondo lake siligwira ndi chipsera chokha. Ngati opaleshoni ili yosatheka ndithu, kupumitsa, kuchepetsa thupi ndi mankhwala oyenera zimamuchepetsera mavuto, koma alowemo akudziwa kuti mwayi wake ndi wochepa. Ndipo kwa aliyense, wamng'ono kapena wamkulu, ngati papita milungu 6 mpaka 8 mukutsatira zonse koma galu sakuponda, kapena mukumva kulira kuja m'bondo, bwererani kuchipatala. Kuno ku Lilongwe madokotala a ziweto alipo, a bungwe losamalira nyama la LSPCA ndi ena oyima paokha, ndipo kuonetsa galu kokha sikudula ngati mmene ambiri timaopera.

Chinthu chomaliza chimene adokotala anandiuza tsiku loyamba lija, ndipo sindinachilabadire nthawi imeneyo, n'chakuti pafupifupi theka la agalu oduka mtsempha wa bondo limodzi amadzadukanso linalo, kawirikawiri pasanathe chaka chimodzi kapena ziwiri. Matenda amene anadya chingwe choyamba amakhala akudyanso chachiwiri, ndipo mwendo wabwinowo wasenza katundu wa iwiri kwa miyezi. N'chifukwa chake kapu yoyezera ija sindinaitaye, ndipo polishi pakhonde sindinayambirenso. Lamlungu lililonse tikabwera kutchalitchi ndimamukhazika pansi n'kuyang'ana mmene wapindira miyendo, kenaka n'kugwira mkati mwa mawondo onse awiri. Lamlungu lapitali ndinaona ngati wakumanja wautayira kunja pang'ono. Mwina ndi maso anga, mwina ndi mmene anakhalira. Usiku womwewo anagona m'kachipinda kaja, ziguduli ndayalanso, ndipo Loweruka mmawa tikupita naye kwa adokotala.